Njinga Yobisa Magiya M'mimba

Aliyense amene anapalasapo njinga ya magiya m'tinjira ta m'phiri amakadziwa kachitsulo kolendewera kumanja kwa gudumu lakumbuyo, kamene kamakankha tcheni kuchoka pa mano ena kupita pa ena. Dzina lake ndi derailleur. Ndi kanthu kanzeru, kopepuka, ndipo kakakhala kowongoka kamagwira ntchito mosadandaulitsa. Vuto ndi pamene anakaika. Kali kunja, kali m'munsi, kali mbali imene miyala, zitsa ndi timitengo zimangodikirira. Mu Okutobala kamadya fumbi, mu Januwale kamamwa matope. Njinga ikagwera kumanja, koyamba kugunda pansi ndi komweko. Opanga njinga amazidziwa zimenezi, n'chifukwa chake amakakoloweka pa kachitsulo kena kofewa, kamene anakapanga dala kuti kazipindika kapena kuthyoka kuti felemu ipulumuke. Tangoganizani: chiwalo chopangidwira kuthyoka, ndipo tonsefe tinangovomera.

Inenso ndinkati njinga ndi mmene ziliri basi. Mpikisano wa Tour de France unalola derailleur mu 1937, ndipo njinga za m'mapiri zitabadwa ku California m'zaka za m'ma 1970 zinangotengera zomwezo. Zimene zakhala zikusintha ndi chiwerengero cha magiya ndi mtundu wa kodinira pa handulo. Koma nzeru yake ndi imodzi: kugwetsa tcheni pa mbale ya mano ina n'kuikweza pa inzake, panja, aliyense akuona.

Njira ina ndinakumana nayo pa phiri la Zomba, m'mbali mwa damu la Mulunguzi. Panali njinga itatsamira mtengo wa paini, yamatayala onenepa, yoonekeratu kuti yayenda mtunda. Ndinayang'ana kumbuyo kwake monga timachitira tonse okonda njinga, kuti ndione kuti ili ndi magiya angati. Panali mbale ya mano imodzi yokha. Ndinati m'mtima, ameneyu wakwera phiri lonseli ndi giya imodzi? Nditayandikira ndinaona kuti ndi tcheni yomwe palibe. M'malo mwake panali lamba wakuda wamano, wouma, wopanda ndi dontho lomwe la oyilo. Ndipo pakati pa mapedulo, pamene pa njinga zathu pamangokhala kachitsulo kozungulira, panali bokosi lotsekedwa bwinobwino, loti n'kulifumbata ndi manja awiri. Nthambo ziwiri zowonda zinkachokera pa handulo n'kukalowa mmenemo. Pambali panalembedwa kuti Pinion.

Mwini wake anali mayi wa ku Germany amene anali pa ulendo wa pa njinga kuchokera ku Tanzania kulowera kumwera. Katundu anamusiya kumene ankagona, anakwera phiri kudzapumitsa miyendo, ngati kukwera Zomba n'kupuma.

"Pepani mayi, magiya a njinga yanuyi ali kuti?"

Analoza bokosi lija. "Alipo 12. Onse ali mmenemo."

Ataona kuti sindikuchoka, anatsitsa chishalo pang'ono n'kundiuza kuti ndiyese. Malangizo anali amodzi okha: popotokola chosinthira, miyendo izipumira kaye.

Choyamba chimene chinandigwira ndi bata. Pa msewu wa miyala wolowera ku Chingwe's Hole njinga yanga imalira njira yonse, tcheni ikumenya felemu, kachitsulo kaja kakunjenjemera. Iyi inangoti zii. Ndinkamva matayala akupera timiyala, ndinkamva mpweya wanga, basi. Munthu sudziwa kuti wakhala ukupirira phokoso mpaka litatha.

Chachiwiri ndi chimene chinandimaliza. Ndikutsika kamtsetse pa giya yolemera, pa kona ndinakumana ndi abambo awiri akutsitsa njinga zosenza nkhuni, zija zimaunjikidwa mpaka kupitirira mutu wa mwini wake. Njira inali yawo. Ndinamanga mabuleki n'kuima, phazi pansi. Kutsogolo kwanga, kona ikangotha, kunali chitunda. Wodziwa njinga ya magiya akudziwa kale tsoka limeneli: waima uli pa giya yolemera, ndipo derailleur sisintha pokhapokha tcheni ikuyenda. Ndiye umatsika, n'kunyamula gudumu lakumbuyo, n'kumazunguza pedulo ndi dzanja, kapena umangolimba mtima n'kuponda mwamphamvu uku ukudina, mano akulira gwedegwede ngati akukutukwana. Koma apa ndinangopotokola dzanja ndili chiimire. Kuchoka pa 10 kufika pa 2, kamodzi n'kamodzi, kumangomveka tiki tiki tiki m'chikhatho. Abambo aja atadutsa ndinaponda pedulo, njinga n'kunyamuka mopepuka ngati palibe chachitika. Ndinaseka ndekha m'nkhalangomo. Kenako ndinaimanso dala, n'kusinthanso, kungofuna kumvanso kukomako.

Chachitatu chinali chofuna kuphunzira. Pa chitunda chenicheni, miyendo ikukankha ndi mphamvu zonse, chosinthira chija chimauma gwa, sichilola kuti uchepetse giya. Umayenera kupepuza phazi kwa kamphindi, kochepa kuposa kuphethira kwa diso, pa nthawi imene pedulo imodzi ili pamwamba penipeni ndipo mwendo ulibe mphamvu kale. Ukapeza kamphindi kameneko giya imalowa nthawi yomweyo, osadikira kuti gudumu lizungulire. Poyamba ndinkachita kuwerenga. Pobwerera ku damu dzanja ndi phazi zinali zitayamba kumvana zokha, ndipo ndinazindikira kuti ndikuyang'ana njira patali kuposa kale, kukonzekera chitunda chisanafike. Pali magiya awiri amene amafuna ulemu wochulukirapo: pakati pa 4 ndi 5, ndiponso pakati pa 8 ndi 9. Nditafunsa chifukwa chake, m'pamene mayi aja anandifotokozera za m'mimba mwa bokosilo.

Mulibe tcheni mmenemo. Muli mawilo a mano olumana okhaokha pa mipiringidzo iwiri, akusambira mu oyilo, monga zilili mu giyabokosi ya galimoto. Anawagawa m'magulu awiri otsatizana: gulu loyamba lili ndi magiya anayi, lachiwiri atatu. Anayi kuchulukitsa ndi atatu, 12. Mano onsewa amakhala olumana nthawi zonse. Chimene dzanja lako limachita popotokola ndi kudzutsa timano ting'onoting'ono m'kati mwa mpiringidzo, timene timagwira gudumu limodzi n'kusiya ena akungozungulira chabe. Ukamakankha mwamphamvu, kamano kogwirako kamapanikizika ndipo sikangachoke, n'chifukwa chake phazi liyenera kupumira. Ndipo pochoka pa 4 kupita pa 5 magulu onse awiri amasintha nthawi imodzi, loyamba kubwerera poyambira, lachiwiri kukwera sitepe imodzi. Zimenezi zimabweranso pa 8. Zitangomveka m'mutu, dzanja linasiya kukangana nalo bokosi.

Kufanana kwake ndi galimoto si mwangozi. Amene anayambitsa kampani ya Pinion mu 2008, Christoph Lermen ndi Michael Schmitz, anadziwana akugwira ntchito ya magiya ku Porsche. Kampani yawo ili ku Denkendorf, pafupi ndi Stuttgart. Bokosi lawo loyamba, P1.18, lili ndi magiya 18, ndipo limene ndinakwera ine, C1.12, ndi mng'ono wake wopepukirapo, wolemera pafupifupi makilogalamu 2.1. Kutalikirana kwa giya yopepukitsitsa ndi yolemeretsetsa pa C1.12 ndi 600 peresenti. Kunena kwina, pedulo ikazungulira kamodzi pa giya 12 umayenda mtunda wowirikiza kasanu n'kamodzi poyerekeza ndi pa giya 1. Pa P1.18 ndi 636 peresenti. Makaseti (milu ya mbale za mano pa gudumu lakumbuyo la njinga ya derailleur) akuluakulu a masiku ano a magiya 12, a SRAM a mano 10 mpaka 52 ndi a Shimano a mano 10 mpaka 51, amathera pa 520 ndi 510. Choncho bokosi silikupempha chifundo kwa aliyense pa nkhani ya zitunda. Chisamaliro chake n'chochititsa manyazi kuchitchula: kusintha oyilo wokwana mamililita 60 kamodzi pa chaka, kapena ukayenda makilomita 10,000.

Lamba uja ndi nkhani inanso. Ndi wa kampani ya Gates ya ku Denver, ku America, imene inayamba kugulitsa malamba a njinga mu 2007. M'kati mwake muli ulusi wa kaboni, ndiye satamuka, sachita dzimbiri, safuna girizi. Akada ndi matope umangomuthira madzi. Sangagwire ntchito ndi derailleur chifukwa sapindikira m'mbali, ayenera kuyenda mzere umodzi wowongoka moyo wake wonse, ndiye amakwatirana bwino ndi magiya obisika. Alinso ndi zofuna zake. Saduka n'kulumikizika ngati tcheni, choncho felemu iyenera kukhala ndi potsegula kuti alowe. Ndipo kukungika kwake kuyenera kukhala koyenera, osati kungoyerekeza ndi maso. Mayi aja anatulutsa foni, n'kuiyandikiza pa lamba, n'kumukhwatcha ndi chala. Lamba analira, foni inamvetsera kaliridweko n'kusonyeza nambala yonena ngati wakungika bwino. Ndaonapo zambiri pa njinga, koma kutchuna lamba ndi khutu la foni sindinkakuyembekezera.

Nditatsika phiri ndinayamba kufufuza, ndipo ndinapeza kuti banja la magiya obisika ndi lakale kuposa mmene ndinkaganizira. Sturmey-Archer ya ku Nottingham inayamba kupanga habu ya magiya atatu mu 1902, ndipo agogo amene anali ndi Raleigh ya kachingwe kotulukira pakati pa gudumu lakumbuyo ankapalasa magiya obisika ife tisanabadwe. Nzeru ya mu habu ndi yosiyana ndi ya Pinion: gudumu la mano limakhala pakati, tina ting'onoting'ono tikulizungulira m'kati mwa mkombero wa mano, ndipo giya imasintha malinga ndi chimene wachigwira kuti chisayende. Magiya atatu ndi okwanira m'tauni, osati m'phiri. Amene anaikweza phiri nzeruyi ndi Rohloff, kampani ya banja ya kufupi ndi Kassel ku Germany, imene chodabwitsa n'chakuti inayamba ndi kupanga matcheni. Mu 1998 inatulutsa Speedhub 500/14: magiya 14 m'kati mwa habu imodzi, kutalikirana kwa 526 peresenti, ndipo sitepe iliyonse yofanana ndi inzake, 13.6 peresenti. Giya 11 ndi imene mphamvu imangodutsa osakhudza timano tozungulira tija. Oyilo amasinthidwa pa makilomita 5,000 kapena pa chaka. Apaulendo amene timawaona pa M1 atapachika zikwama zinayi, akuchokera ku Cairo kulowera ku Cape Town, muwayang'ane gudumu lakumbuyo: ena mupeza habu yonenepa ndi nthambo ziwiri. Imeneyo ndi Rohloff, ndipo eni ake amaikamba mwachikondi chochititsa nsanje.

Koma pa njinga ya m'phiri habu ili ndi chilema chimodzi. Kulemera kwake konse, pafupifupi makilogalamu awiri, kumakhala pa gudumu lakumbuyo. Pa msewu wosalala zilibe kanthu. Pa miyala, gudumu liyenera kudumpha n'kubwerera pansi msangamsanga kuti tayala ligwire nthaka, ndipo gudumu lolemera limachedwa. Apa m'pamene bokosi la pakati limapambanira. Kulemera kumapita pansi, pakati pa miyendo ya wopalasa, ndipo gudumu lakumbuyo limatsala lopepuka kuposa ngakhale la njinga ya derailleur, chifukwa kaseti yonse ija yachoka. Pa njinga za masipuling'i kumbuyo kusiyanaku n'kumene okonda kutsetsereka amakutamanda. Ku Rotorua, m'dziko la New Zealand, Rob Metz anamanga kampani yake ya Zerode pa mfundo imeneyi. Njinga yake yoyamba yotsetserekera inali ndi habu ya Shimano Alfine yoikidwa m'kati mwa felemu m'malo mwa pa gudumu, ndipo pambuyo pake anasamukira ku Pinion pa njinga yotchedwa Taniwha.

Nkhani imene ndimaikonda kwambiri mwa zonsezi ili ndi mnzathu wa kuno kumwera. Greg Minnaar wa ku Pietermaritzburg, katswiri wa mpikisano wotsetsereka m'mapiri amene anakhala ngwazi ya dziko lonse kanayi, mu 2003, 2012, 2013 ndi 2021, anakwerapo njinga ya Honda. Inde, Honda ya njinga zamoto ija. Kuyambira 2004 mpaka 2007 inali ndi timu ya njinga zakapalasa, ndipo njinga yawo, RN01, inali ndi bokosi la magiya pakati pa felemu limene ankalibisa kwambiri, moti amakaniko ankalichotsa n'kulisunga padera mpikisano ukatha. Minnaar anapambana nayo chikho cha World Cup cha chaka chonse mu 2005. Anthu ankalota zodabwitsa za m'bokosimo. Chinsinsi chitaululika, m'mabokosi a zaka zomalizirazo munapezeka kaseti, tcheni yaifupi, ndi kachitsulo kokankha tcheni. Derailleur yomweyo, koma itamangiridwa nyumba. Ena anakhumudwa. Ine ndimaona kuti mainjiniya a Honda ananena zoona zenizeni: kachitsulo kaja sikanalakwe, kanangosowa denga.

Makampani akuluakulu awiri, Shimano ndi SRAM, anatenga njira ina. M'malo mobisa derailleur anaipatsa magetsi. Shimano inabweretsa XTR Di2 ku njinga za m'mapiri mu 2014, kamota kakang'ono kakukankha tcheni m'malo mwa nthambo yokoka ndi chala. SRAM inachotseratu mawaya mu 2019 ndi Eagle AXS: ukadina batani pa handulo uthenga umauluka wokha kupita kumbuyo. Mu 2023 anapitirira, n'kuchotsa kachitsulo kofewa kothyoka kaja, n'kumangirira derailleur molunjika pa mpiringidzo wa gudumu. Amaitcha Transmission, ndipo imasintha giya ngakhale ukukankha ndi mphamvu zonse, chinthu chimene bokosi lopotokola ndi dzanja limakana. Ndi luso lalikulu, sinditsutsa. Koma mtima wanga sunapite kumeneko. Chikadali cholendewera panja, chikadadya fumbi lomwelo, tcheni ikadafuna kutsuka ndi kuthira oyilo, ndipo tsopano pawonjezeka batire loti uzikumbukira kutchaja. Ife amene foni imatithimira m'manja magetsi akachoka madzulo, kuwonjezera njinga pa mzere wa zodikira soketi si nkhani yosangalatsa. Pinion nayonso inatulutsa chosinthira cha magetsi chotchedwa Smart.Shift, cha anthu amene sakonda kupotokola. Ine kupotokolako ndi kumene ndinakukonda. Ndipo si kwachilendo: SRAM yomweyo, imene inayamba ku Chicago mu 1987, katundu wake woyamba anali chosinthira chopotokola, Grip Shift, chimene zidzukulu zake zotchipa zadzaza pa njinga za kaunjika m'misika yathu.

Munthu wogwa m'chikondi saona zilema, koma ndiyesetse. Njinga ya bokosi imalemererako kuposa inzake ya derailleur yabwino. Mano ambiri olumana ndi oyilo zimadya kagawo ka mphamvu ya miyendo, ndipo pa magiya ena umamva kupera pang'ono pansi pa phazi. N'chifukwa chake othamanga mipikisano yokwera ndi kutsika, amene amawerengera sekondi iliyonse, sanasamukire kumeneko. Palinso kochedwa kena: bokosi lili ndi fuliwilo yake, habu yakumbuyo ilinso ndi yake, ndiye ukasiya kupalasa n'kuyambiranso pedulo imayenda kamtunda kopanda kanthu isanagwire. Pa malo a miyala pofuna kukankha kamodzi mwadzidzidzi, umakamva. Ndipo chachikulu: bokosi la Pinion sungaligule n'kuliika pa njinga imene uli nayo. Felemu iyenera kupangidwa mwapadera, yokhala ndi malo ake omangirapo. Ukafuna bokosi, ukufuna njinga yatsopano yonse. Mtengo wake ndisautchule m'makwacha, tingakhumudwitsane. Habu ya Rohloff yokha, yopanda limu, yopanda sipoko, imapitirira mayuro 1,000.

Zonsezi ndinakazitula kwa bambo amene amandikonzera njinga, pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika. Zida zawo ndi masipanala ochepa, pulayala, hamala, pampu ndi beseni la madzi loyesera machubu. Ndi zimenezo ndawaona akuwongola derailleur yopindika, kuiyang'ana ndi diso limodzi kuchokera kumbuyo, kuikoka pang'ono, kuiyang'ananso, mpaka magiya onse n'kumalowa. Ndinawasonyeza zithunzi pa foni. Anakulitsa chithunzi cha bokosi ndi zala zakuda ndi girizi, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye chikafa mumatsegula pati, achimwene?"

"Satsegula, madala. Amachimasula chonse n'kuchitumiza kwa eni ake."

"Ku Germany?"

"Eya. Koma akuti sichifa wambawamba."

Anandibwezera foni. "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ichi chanuchi," analoza derailleur yanga ndi sipanala, "chimafa mwezi ndi mwezi, koma chimafera m'manja mwanga. Icho chidzafa kamodzi, koma tsiku limenelo mudzayenda wapansi mpaka Khirisimasi."

Sindinawayankhe msanga, chifukwa mfundo yawo ndi yolemera. Pali kudalirika kwa mitundu iwiri. Kwina ndi kwa chinthu chimene sichiwonongeka kawirikawiri. Kwina ndi kwa chinthu chimene aliyense angachikonze paliponse. Ku Stuttgart, kumene katundu amafika pakhomo m'masiku ochepa, koyambako n'kokwanira. Kwa Jali kapena ku Mayaka, kwachiwiriko ndiye moyo. N'chifukwa chake akabaza amakakamira giya imodzi, ndipo pa chitunda amatsika n'kukankha osachita manyazi. N'chifukwa chakenso bambowa, wina akabwera ndi chodinira chothyoka, amamuikira kachogwirira kakale ka chala chachikulu, kopanda tiki tiki, kongokankha mpaka tcheni itakhala bwino. Kameneko sikasankha kaseti, kaya ndi ya magiya 6 kaya 9, kaya ndi ya kampani iti. Njinga zoyamba za m'mapiri zinkasintha magiya choncho Shimano isanafalitse zodinira zowerengera m'zaka za m'ma 1980, ndipo mpaka lero makampani ngati microSHIFT akupangabe. Imeneyonso ndi njira ina yosinthira magiya, ndipo ndi yokhayo mwa zonsezi imene ndingaigule lero ndi ndalama za m'thumba.

Pali amene ayesa kuyanjanitsa mitundu iwiri ija ya kudalirika. Bungwe la World Bicycle Relief, limene njinga zake za Buffalo timaziona m'midzi ya ku Malawi ndi ku Zambia, linayambitsidwa mu 2005 ndi F.K. Day, mmodzi mwa oyambitsa SRAM, pamodzi ndi Leah Missbach Day. Mu 2024 linaonetsa njinga yotchedwa Utility S2, ya magiya awiri, yopanda derailleur, yopanda nthambo ya magiya, yopanda chodinira pa handulo. Ili ndi matcheni awiri oyendera limodzi, wina wa giya yopepuka, wina wa yolemera, ndipo ukafuna kusintha umangobweza mapedulo m'mbuyo. Tcheni imodzi ikaduka, inayo imakufikitsa kunyumba. Si njinga ya masewera, ndi ya matumba a chimanga ndi zigubu za madzi. Koma funso limene inayankha ndi lomwelija la anyamata a ku Porsche: tingasinthe bwanji magiya popanda kulendeweretsa kanthu kosalimba m'fumbi? Bambo aja nditawafotokozera za imeneyi anagwedeza mutu movomera. Matcheni awiri amawamvetsa. Onse ali panja, onse angawadule n'kuwalumikiza.

Komabe ine mtima unatsalira m'bokosi lija. Ndikamakwera phiri pa njinga yanga tsopano, dzanja lamanja limafuna kupotokola pamene palibe chopotokola, ndipo ndikaima pa kona ndili pa giya yolemera ndimadandaula mokweza, pamene kale ndinkangotsika n'kunyamula gudumu osaganizako. Pinion sindingaikwanitse chaka chino, ngakhale chamawa. Chimene ndingathe ndi habu. Felemu yanga ndi yakale, ya mpata wa mamilimita 135 kumbuyo, umene Shimano Alfine ya magiya 8 imalowa. Kutalikirana kwa magiya ake ndi 307 peresenti yokha, theka la bokosi lija, ndipo sanaipangire nkhanza za m'miyala, ndiye pa zitunda zina ndidzakhala ndikukankha limodzi ndi akabaza. Choseketsa n'chakuti pa felemu ngati yangayi tcheni imafuna kokungira, ndipo kokungirako kamalendewera pamalo pomwe panali derailleur. Koma ndidzatha kusintha giya nditaima. Msuweni wanga wa ku Johannesburg ndamutuma kale kuti azisuzumira m'mashopu a njinga zogwiritsidwapo kale ntchito.

Ndinawafunsa bambo aja ngati angaimange pa limu ikabwera. Anawerenga mabowo pa chithunzi, akuloza ndi nsonga ya sipoko, mpaka 32.

"Bweretsani. Masipoko ndimanga ndine, gudumu lidzazungulira mowongoka. Koma zam'katimo, achimwene, musadzandifunse."